Nsanja ya ku Zomba ndi Anthu Amene Adasenza Nkhondo Pamutu

A komiti atatipempha kuti tilembeko mbiri ya imodzi mwa ntchito zimene gulu lathu lakhala likugwira, tidasankha ntchito yoyendera asilikali akale ndi yoperekeza ana a sukulu ku malo a chikumbutso. Ntchitoyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya kuzonda odwala kapena ya pamaliro, mwakuti amayi ena achitsikana saidziwa n'komwe. Komatu mizu yake ndi yakuya, yopitirira zaka 100, ndipo siyambira pa ife ayi.

Aliyense amene adakwerapo basi kuchokera ku Limbe kupita ku Zomba adaiona nsanja ya njerwa zofiira imene ili m'mbali mwa msewu polowa m'tauni, pafupi ndi Cobbe Barracks. Ambirife timangoionera pawindo, basi n'kudutsa. Tsiku lina tidafunsa ana a kwathu kuti nsanja imeneyo ndi ya chiyani. Wina adati ndi tchalitchi chakale cha Azungu, wina adati ndi thanki ya madzi. Mayankho amenewa ndiwo adatidzutsa kutulo, pakuti ena mwa ana omwewo ndi zidzukulu za anthu amene nsanjayo idamangidwira. Tsono tiyambe tafotokoza za anthuwo, kenaka tifike pa ulendo wathu.

Nkhondo ya Chiwaya

Gulu la asilikali la King's African Rifles, limene makolo athu ankangoti Keyala, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902. Magulu ake awiri oyamba adali a anthu a dziko lino, limene pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland, ndipo kwao kudali ku Zomba. Dzina loti Cobbe ndi la mkulu wina wa asilikali, Alexander Cobbe, amene adatsogolera anyamata a kuno pa nkhondo ya ku Somaliland m'chaka chomwecho cha 1902.

Nkhondo yaikulu itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, sidachedwe kufika kuno, chifukwa dziko limene lero ndi Tanzania lidali m'manja mwa Ajeremani, ndipo malire athu ndi iwo adali mtsinje wa Songwe ndi nyanja. Mwezi womwewo sitima ya Boma yotchedwa Guendolen idaoloka nyanja n'kukaphwanya sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene idali pamtunda kukonzedwa padoko la Sphinxhaven, lero Liuli. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo adali asanamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani adathira nkhondo boma la Karonga. Adabwezedwa, koma anthu adafa mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri mwa akufawo adali anthu akuda, omenyana okhaokha pa mlandu umene sankaudziwa.

Makolo athu adaitcha nkhondoyi ya Chiwaya. Amayi tonse tikuchidziwa chiwaya chokazingira chimanga, ndi momwe chimanga chimathethekera moto ukakolera. Mfuti yatsopano yolavula zipolopolo mosalekeza inkamveka chimodzimodzi, ndiye dzina lidachokera pamenepo.

Si onse adakhala chete. Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti amphawi a dziko lino akukafera nkhondo ya eni ake ndi kusiya akazi ndi ana pa umasiye. Boma silidalole kuti kalatayo ifalikire. Mu Januwale 1915 iye adaukira Boma, ndipo adaphedwa kumayambiriro kwa Febuluwale. Amishoni nawonso nkhondo idawakhudza. Mbusa Robert Napier wa Mishoni ya Blantyre adatsagana ndi asilikali, ndipo adaphedwa m'dziko la Apwitikizi, lero Mozambique, m'chaka cha 1918.

Amtengatenga

Nkhondo siyenda ndi mfuti zokha. Msilikali amadya, amavala, amafuna zipolopolo ndi mankhwala. M'chaka cha 1916 gulu la nkhondo lotsogoleredwa ndi General Northey lidaoloka Songwe kulowa m'mapiri a dziko la Ajeremani, kumene kudalibe misewu ya galimoto, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi matenda m'njira. Choncho katundu yense adayenda pamitu ya anthu. Kuti msilikali mmodzi adye ndi kumenya nkhondo, pankafunika anthu angapo omusenzera. Anthu amenewa ndiwo amtengatenga.

Olemba mbiri adawerengera kuti amuna a dziko lino amene adalowa usilikali pa nkhondoyi adali pafupifupi 19,000, koma amene adagwira ya mtengatenga adali pafupifupi 200,000. Taganizani, amayi anzathu, dziko lonse pa nthawiyo lidali ndi anthu osafika 1.5 miliyoni. Ndiye kuti padalibe mudzi umene sudaperekeko munthu. Mafumu ankaumirizidwa kusonkhanitsa amuna, ndipo agogo athu ankatiuza kuti mwamuna akathawira kuthengo, amesinjala ankagwira mkazi wake mpaka mwini wake atadzipereka. Mtengatenga ankasenza katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 25, wopanda nsapato, m'mapiri ozizira ndi m'mvula, chakudya chili chochepa. Zikwi za iwo zidafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, ndipo ambiri adangokwiriridwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro.

Nanga amayi? Iwo adatsala ndi makasu. Adalima okha, adalera ana okha, ndipo Boma likafuna chakudya cha asilikali, ndi amayi amene ankasinja chimanga, kupeta ndi kusenza ufa kukatula kumene auzidwa. Nkhokwe zidapepuka, m'midzi yambiri mudalowa njala.

Ku Ulaya mfuti zidaleka kulira pa 11 Novembala 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Kuno uthenga udachedwa, ndipo mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, adatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, lero Mbala m'dziko la Zambia. Obwerera kumudzi adafika pamodzi ndi mliri wa fuluwenza umene udapha anthu ochuluka mu 1918 ndi 1919. Adabweranso ndi zina zimene tili nazo mpaka lero. Magule a beni, malipenga ndi mganda, ndi mayunifolomu ake ndi kuguba kwake, ndi chithunzi cha perete wa asilikali. Nsanja ya ku Zomba idamangidwa m'zaka za m'ma 1920 kukumbukira asilikali a Keyala amene adafa pa nkhondoyi.

Nkhondo yachiwiri

Padangopita zaka 21, lipenga lidaliranso m'chaka cha 1939. Ulendo uno amuna a kuno oposa 27,000 adavala yunifolomu, ndipo adapita kutali kumene makolo awo sadafikeko. Mu Julayi 1940 adalimbana ndi Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo ndicho chifukwa chake malo a asilikali a ku Mzuzu amatchedwa Moyale Barracks. Adamenyanso nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia mu 1941, ndi pa chilumba cha Madagascar mu 1942. M'chaka cha 1944 adaoloka nyanja yamchere kukakumana ndi Ajapani ku Burma, kumene adayenda m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata, m'matope ndi m'malungo, mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Nkhondo itatha mu 1945, ena adatumizidwanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Keyala ya kuno idasanduka Malawi Rifles.

Pobwerera kumudzi, asilikali adalandira kandalama kotsazikira. Makalata akale a Boma la Britain, amene atolankhani adawaulutsa m'chaka cha 2019, adaonetsa kuti msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene msilikali wamba wakuda ankawerengeredwa masheleni 3 ndi theka. Chipolopolo sichidasankhe khungu, koma cholembera cha mu ofesi chidasankha. Kandalamako kadathera njinga, makina osokera kapena malata ochepa, ndipo ukalamba utafika ambiri adatsala ndi mamendulo okha m'kathini.

Luwa lofiira lidachokera kuti?

Chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala ukamayandikira, timaona akuluakulu atabaya kaluwa kofiira pachifuwa. Ambiri amayesa ndi chokongoletsera chabe. Mbiri yake ndi yoti ife amayi tiidziwe, chifukwa adaiyambitsa ndi amayi anzathu awiri.

M'minda ya ku Belgium ndi kumpoto kwa France, kumene mabomba adatembenuza nthaka, mudamera maluwa ofiira otchedwa popi, ngakhale pakati pa manda. Mu Novembala 1918 mphunzitsi wina wa ku America, Moina Michael, adatsimikiza mtima kuti azivala luwa limeneli pokumbukira akufa. Pambuyo pake adaphunzitsa asilikali olumala, ndipo adaona kuti kugulitsa maluwa opanga pamanja kungathe kuwapezera thandizo. Mayi wina wa ku France, Anna Guérin, adasonkhanitsa amayi amasiye a kwawo kuti azipanga maluwawo ndi nsalu, ndipo adayenda m'maiko kukopa mabungwe a asilikali akale kuti aziwagulitsa. M'chaka cha 1921 bungwe la British Legion lidamvera, ndipo maluwa okwana 9 miliyoni adatha, n'kupezeka ndalama zoposa mapaundi 100,000 zothandizira asilikali akale kupeza ntchito ndi pokhala.

Tsono onani kuti luwali chiyambire lidali la chakudya. Wopanga adali wamasiye wofuna kudyetsa ana, wogula ankathandiza wolumala. Kukumbukira akufa ndi kudyetsa amoyo zidabadwa tsiku limodzi.

M'chaka chomwecho cha 1921 ku Cape Town kudakhazikitsidwa bungwe losamalira asilikali akale a maiko onse a pansi pa Britain, limene pambuyo pake lidatchedwa Royal Commonwealth Ex-Services League. Kuno kwathu ntchito yogulitsa maluwa idayendetsedwa kwa zaka zambiri ndi Commonwealth Ex-Services League of Malawi, ndipo kenaka idapitirira m'manja mwa Veterans and Ex-Service Members League of Malawi. Pafupi ndi nsanja ya ku Zomba padamangidwanso nyumba zosungiramo asilikali okalamba osowa owasamala. Mwambo wa chikumbutso umachitika Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene anthu amakhala chete mphindi ziwiri, lipenga n'kulira, nkhata n'kuikidwa. M'chaka cha 2018 Boma la Britain lidalonjeza ndalama zoti asilikali akale osauka a m'maiko a Commonwealth, pamodzi ndi amayi awo amasiye, azidya kawiri pa tsiku. Thandizoli lidali labwino, koma lidafika patapita zaka 73 nkhondo itatha, eni ake ambiri ali kale kumanda.

Anzathu amatengera ana awo kumanda a nkhondo

Maiko ena adazindikira kale kuti mwana saphunzira nkhondo pabolodi pokha. Mu mzinda wa Ypres ku Belgium muli chipata chachikulu chotchedwa Menin Gate, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 1927. Pamakoma ake padalembedwa mayina oposa 54,000 a asilikali amene mitembo yawo sidapezeke. Kuyambira 1928 lipenga limalira pachipatapo madzulo aliwonse nthawi ya 8 koloko, ndipo mwambowu udangoimako pa zaka zimene Ajeremani adalanda mzindawo pa nkhondo yachiwiri. Ana a sukulu amabwera m'mabasi kudzafunafuna mayina a makolo awo. Pokumbukira kuti patha zaka 100, kuyambira 2014 Boma la Britain lidalipira ulendo wa ana awiri ndi mphunzitsi mmodzi kuchokera ku sukulu za sekondale za Boma za ku England kuti akaone malo amenewa.

Ife ndalama zotere tilibe. Koma malo tili nawo, ndipo ali pafupi. Ku Zomba kuli nsanja. Ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, kuli mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen ija. Ku Karonga kuli manda a amene adafa mu 1914, Angerezi ndi Ajeremani omwe. Ku Mbombwe kuli mishoni ya Chilembwe. Ku Lilongwe, ku Area 18, kudamangidwa nsanja ina ya chikumbutso. Chosowa si malo ayi, koma munthu wogwira mwana padzanja n'kupita naye.

Ulendo wathu woyamba

Zaka zoposa 20 zapitazo, titamva mayankho a thanki ya madzi aja, tidakhala pansi pa msonkhano wathu wa pamwezi n'kugwirizana zotengera ana a Sitandade 7 ndi 8 ku Zomba. Mutu umodzi susenza denga, choncho tidagawana ntchito. Ena adakaonana ndi aphunzitsi aakulu, ena adayenda khomo ndi khomo kupempha chilolezo kwa makolo, ndipo ife a ulembi tidalemba kalata kwa oyang'anira nyumba za asilikali okalamba kuti atiyembekezere. Ndalama tidazipeza pogulitsa zitumbuwa ndi mandasi pamsika, ndi pogwira ganyu yopalira m'minda ya anthu masabata atatu. Mwana aliyense tidamupempha kuti abwere ndi mbale imodzi ya ufa kapena ya nyemba yochokera kwawo, kuti asapite chimanjamanja. Ife tidaonjezapo sopo, mchere, shuga ndi mabulangete ochepa.

Zovuta sizidalephere. M'mawa wa tsiku la ulendo, ana 42 atakwera kale, mwini lole adasintha mtengo, nati mafuta akwera. Padalibe nthawi yokangana. Amayi adamasula mfundo za pansonga ya chitenje, wina kandalama ka ndiwo, wina ka chigayo, mpaka zidakwana. Kuyambira tsiku limenelo tidaphunzira kulemberana pepala ndi mwini galimoto ulendo usanafike.

Titafika pansanja, ana adatsika ndi phokoso monga mwa ana. Aphunzitsi adawaimika m'mizere, nawauza kuti aliyense awerenge mokweza mayina asanu a asilikali olembedwa pamenepo. Phokoso lidayamba kuchepa lokha. Mayinawo sadali a Azungu monga ankayembekezera, koma a kwathu konkuno, a Chiyao, a Chinyanja, a Chingoni, onga a anthu amene amapemphera nawo ndi kusewera nawo.

Pamenepo mtsikana wina adatikoka chitenje n'kufunsa kuti, "Amayi, nanga dzina la abambo awo a agogo anga lili pati? Agogo amati adapita ku nkhondo ya Chiwaya osabwerako." Tidafunafuna naye mbali zonse, koma osalipeza. Titamufunsitsa, adati agogo ake amanena kuti munthuyo sadagwire mfuti, ankasenza mabokosi. Tidayang'anana ife akuluakulu. Adali mtengatenga, ndipo dzina lake silidalembedwe pamwala uliwonse, kuno kapena kwina. Tidalibe choyankha. Mwanayo sadalire, adangoti, "Ndiye kuti adangotayika basi?" Funso limeneli tidabwerera nalo kumudzi, ndipo mpaka lero silidatichoke mumtima.

Kuchoka apo tidapita kukaona agogo aja. Tidawapeza atakhala pakhonde, atavala majekete akale ndi mamendulo opukutidwa bwino, chifukwa adamva kuti kubwera alendo. Ana adagwada kupereka moni, n'kutula mbale zawo. Gogo wina amene adapita ku Burma adawafotokozera za mvula yosakata, za misundu yoyamwa magazi m'miyendo, ndi za ndege zoponya chakudya kuchokera kumwamba. Mnyamata wina adafunsa kuti, "Agogo, mudapha anthu angati?" Gogoyo adakhala chete kanthawi, kenaka adati funso limenelo safunsa, ndipo wofunsa bwino amafunsa kuti anzanu angati sadabwerere. Adatchula anzake anayi mayina ndi midzi yawo, mmodzimmodzi, ngati adasiyana nawo dzulo.

Potsazikana adatithokoza, koma adaonjeza mawu amene adatichititsa manyazi. Adati, "Amayi, mwachita bwino. Koma alendo onse amabwera mwezi uno wokha. Njala sidikira Novembala." Adanena zoona. Miyezi yowawa ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zatha, ndi Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya m'phiri la Zomba imalowa m'mafupa a nkhalamba. Tidapangana pomwepo kuti ulendo wa ana uzikhala wa Novembala, koma amayi azibweranso nthawi ya njala ndi nthawi yozizira.

Zimene tidapeza kumudzi kwathu komwe

Titabwerera, aphunzitsi adapatsa ana ntchito yoti aliyense akafunse akuluakulu a kwawo ngati m'banja mwawo mudali wopita ku nkhondo, ndi kulemba dzina lake, mudzi wake ndi zimene zimakumbukika. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mayina adabwera ochuluka kuposa momwe tinkaganizira, ndipo ambiri adali a amtengatenga. Tidagula kope lachikuto cholimba n'kuwalembamo onse, ndipo dzina loyamba ndi la kholo la mtsikana uja. Kopelo timalisunga pamodzi ndi mabuku a gulu, ndipo Lamulungu la chikumbutso mwana mmodzi amawerenga mayinawo.

Ntchito ya anayo idatiululiranso china. M'midzi yotizungulira mudali asilikali akale awiri ndi amayi amasiye a asilikali asanu ndi mmodzi, ena ogona m'nyumba zodontha, ndipo ife tidakwera lole kukafuna ovutika kutali, kusiya ena pakhomo. Mmodzi mwa amayiwo adali ndi mapepala a usilikali a malemu amuna awo, okulungidwa m'kansalu, koma sankadziwa kuti angathe kuwathandiza. Tidawaperekeza kukalembetsa ku bungwe la asilikali akale. Ena mapepala adadyeka ndi chiswe kapena adapsa ndi nyumba, ndipo amenewa adatsala m'manja mwathu. Tidawafolerera nyumba, kuwalimira, ndi kuwatungira madzi mosinthana.

Patapita zaka, dziko lapansi lidayamba kuvomereza zimene mwana uja adaona. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, lidatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene adafa pa nkhondo yoyamba, makamaka a mu Africa, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga adachitira ndi Azungu. Nduna ya zachitetezo ya ku Britain, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo ya kumeneko. Titamva pa wailesi, tidakumbukira kope lathu lija.

Ntchito sidathe

Wina anganene kuti asilikali a Keyala atha, tsono ntchitoyi yafika pamapeto. Inde, mnyamata amene adali ndi zaka 18 mu 1945 lero ali pafupi ndi zaka 100, ndipo otsala ndi owerengeka. Agogo onse amene adalandira ana athu pakhonde paja adatisiya. Koma amayi awo amasiye ena alipo, pakuti ambiri adali aang'ono kwa amuna awo. Ndiponso usilikali sudathere pa Keyala. Ana athu adalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo akhala akupita kukasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa kufupi ndi Beni m'dzikomo. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Kumbuyo kwa dzina lililonse lotere kuli mayi, mkazi ndi ana.

Tsono pempho lathu kwa nthambi zonse ndi ili. Choyamba, yambani pakhomo. Fufuzani asilikali opuma okalamba ndi amayi amasiye a asilikali m'dera lanu, muwalembe, ndipo muwaike pa ndandanda ya oyenderedwa chaka chonse. Amene ali ndi mapepala muwaperekeze kukalembetsa, ndipo mapepalawo muwajambulitse asanaonongeke. Chachiwiri, gwirizanani ndi sukulu imodzi ya pafupi, mutengere ana ku malo a chikumbutso amene mungathe kufikako, ngakhale kamodzi pa zaka ziwiri. Lembani kalata nthawi ilipo, konzani ana asanapite, ndipo mwana aliyense anyamule kanthu kochokera kwawo, chifukwa mwana amene wapereka ndi dzanja lake saiwala. Chachitatu, gulani kope. Nkhalamba zimene zikudziwa mayina a amtengatenga zikutha, ndipo dzina likapita ndi mwini nkhani kumanda silibwereranso. Chachinayi, Novembala akafika gulani luwa lofiira, ndipo muuze mwana wanu kumene ndalamayo ikupita.

Sititengera ana ku nsanja kuti akonde nkhondo ayi. Amene adaiona ndi maso sadaiyamikire ngakhale pang'ono. Timawatengera kuti adziwe mtengo wake, ndi kuti adziwe kuti makolo awo, ogwira mfuti ndi osenza mabokosi ndi osinja ufa omwe, adali anthu okhala ndi mayina. Mtsikana uja lero ndi mayi wa ana atatu ndiponso membala mnzathu. Chaka chatha ndiye adatsogolera ana pa ulendo wa ku Zomba, kope lija lili m'manja.

Tithokoze amayi onse amene adamasula mfundo za zitenje zawo m'mawa uja, amoyo ndi amene adatsogola, aphunzitsi amene akhala akuyenda nafe, ndi abambo amene amatilola kuchoka pakhomo tsiku lathunthu.

Mlembi wa gulu